Anthu Otsata Achimpanzi m'Nkhalango ya Gombe

Mlimi amene munda wake uli m'tsinde mwa phiri amamdziwa nyani mwa njira imodzi yokha: ndi mbala. Amamanga nsanja pakati pa munda, namalinda kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litalowa, ndipo tsiku limene tulo tamuba, mzere wathunthu wa chimanga chachiwisi umapita. Mlimi wotere atamva kuti kuli anthu amene amalawirira m'tchire ndi pensulo ndi pepala kukatsata nyama za mtundu wa anyani tsiku lonse, osati kuti azipirikitse, koma kuti alembe chimene zadya ndi kumene zagona, akhoza kupukusa mutu. Atamvanso kuti ena mwa anthuwo amaigwira ntchitoyi modzipereka, popanda malipiro, ndiye angaseke kumene. Komatu ntchito imeneyi ilipo, ndipo zambiri zimene dziko limadziwa za moyo wa anyani, apusi ndi achimpanzi a kutchire zidachokera m'mapepala a anthu oterewa. Pa ntchito ya kafukufuku amatchedwa athandizi a kutchire. Nkhani ino ikunena za iwo, makamaka pa malo amodzi otchedwa Gombe, m'dziko la Tanzania, kumene padafika nthawi yakuti ntchito yonse idatsamira pa iwo okha.

Gombe ali m'mphepete mwa Nyanja ya Tanganyika, nyanja imene ili ngati mbale wake wa Nyanja ya Malawi, pakuti zonse ziwiri zili m'chigwa chachikulu chimene chidang'amba kum'mawa kwa Africa. Malowa ali pa mtunda wa makilomita 16 kumpoto kwa tauni ya Kigoma, ndipo wopita kumeneko amayenda pa bwato. Mapiri amayambira pamadzi penipeni, ndipo timitsinje tambiri tidakumba makwawa akuya odzaza ndi mitengo ndi ziyangoyango. Munthu wochokera kumpoto kupita kummwera amangokhalira kutsika ndi kukwera. Omvera amene adayendapo m'mapiri ogundana ndi nyanja a ku Nkhata Bay ndi ku Usisya angalimvetse bwino dziko limeneli.

M'Malawi muno mulibe chimpanzi wa kutchire. Muli nyani, pusi, nchima ndi changa. Chimpanzi ndi wamkulu kuposa onsewa, wakuda, ndiponso wopanda mchira. Wamphongo wa ku Gombe amalemera pafupifupi makilogalamu 40, koma mphamvu za m'manja mwake zimaposa za munthu wamkulu. Akatswiri adapeza kuti mwa nyama zonse, iye ndi mbale wake bonobo ndiwo ali pafupi kwambiri ndi munthu m'chibadwa. Madzulo alionse amapinda nthambi pamwamba pa mtengo, nakonza chisa chatsopano chogonamo. Chimene chimasautsa womtsata nchakuti achimpanzi sayenda gulu lonse pamodzi monga amachitira anyani. Fuko limodzi la achimpanzi 50 limagawikana m'timagulu timene timakumana ndi kusiyana tsiku lonse, kotero kuti amene adali asanu ndi atatu m'mawa angakhale awiri masana.

Ntchito ya ku Gombe idayamba pa 14 Julayi 1960, pamene mtsikana wa ku England wa zaka 26, Jane Goodall, adatsika bwato pagombe la malowo. Adamtuma ndi katswiri wofukula mafupa akale, Dr Louis Leakey, ngakhale kuti mtsikanayo adali asanapondepo ku yunivesite. Boma la atsamunda la Tanganyika lidakana kuti akhale yekha kutchire, choncho adapita ndi mayi ake. Amene adamuonetsa njira za m'mapirimo adali munthu wa komweko, Bambo Rashidi Kikwale. Pa miyezi yoyamba achimpanzi ankathawa akangoona munthu patali. Kuona maso a nkhono nkudekha: iye ankakhala pa chitunda chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, atavala zovala za mtundu umodzimodzi, kufikira nyamazo zidayamba kumuona ngati chitsa. Mu Novembala chaka chomwecho adaona chimpanzi wina, amene adamutcha David Greybeard kaamba ka imvi za pachibwano, atakhala pachulu. Omvera amene adakulira kumudzi adzakumbukira m'mene ana amapisira udzu m'una wa chulu kuti agang'a aulume, kenaka nkuusolola. Nzimene ankachita chimpanziyo. Nthawi zina ankathyola kamtengo, nkukapulula masamba kuti kalowe bwino. Pa masiku amenewo anthu ophunzira ankakhulupirira kuti munthu yekha ndiye amakonza zida, tsono mbiri ya kaudzu kameneka idawanda dziko lonse.

Mbiriyo idakoka anthu. Mu 1965 adakhazikitsa likulu la kafukufuku ku Gombe, ndipo achinyamata a ku Britain, America ndi maiko ena adayamba kufika, ena kudzachita maphunziro apamwamba, ena kungodzipereka kwa chaka chimodzi. Poyamba ntchito yaikulu inkachitikira pa msasa, pamene ankaikapo nthochi kuti achimpanzi azibwera okha. Njira imeneyi idathandiza kuti nyamazo zizolowere anthu msanga, komanso idabweretsa ndewu zambiri, pakuti achimpanzi ndi anyani ankalimbirana nthochizo. Idadzudzulidwa, idachepetsedwa, ndipo mu 2000 idalekeka. Koma kale kwambiri chaka chimenecho chisanafike, ofufuza adali ataona kuti moyo weniweni wa chimpanzi suoneka pa bokosi la nthochi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 udakhazikika mwambo wosankha chimpanzi mmodzi nkumtsata kuchokera pa chisa cha m'mawa kufikira pa chisa cha madzulo.

Tsiku la mthandizi limayamba kusanache. Ayenera kufika pansi pa mtengo umene chimpanzi wake adagonamo nyamayo isanadzuke, pakuti akachedwa ndi mphindi zochepa chabe adzapeza chisa chozizira, ndipo tsiku lonse lidzathera m'kumvetsera kulira kwa m'makwawa. Amakwera phiri ndi tochi, mame akumnyowetsa mpaka m'chiuno. Chimpanzi akatsika, iye amamlondola kulikonse kumene apite, maola 12 kapena kuposerapo. Nyamayo ikalowa m'ziyangoyango, iye amakwawa chamimba pambuyo pake. Minga, linthumbu, nkhupakupa ndi chitedze ndiwo anzake a paulendo. Chimpanzi akakhazikika mu mkuyu maola atatu, mthandizi amakhala pomwepo, maso ali m'mwamba mpaka khosi kuuma, ndipo mvula ikagwa, choyamba kufunditsa ndi pepala, mutu pambuyo.

Ku Gombe kawirikawiri amayenda awiri. Mmodzi amanyamula pepala la mizere lokhala ndi maina a achimpanzi onse. Pa mphindi 15 zilizonse amachonga amene alipo, amalemba chakudya chimene akudya, naika chizindikiro pa mapu chosonyeza pamene ali. Mnzake amalemba nkhani ya zochitika: uyu wapesa ubweya wa uyu, uyu wapereka moni mowerama kwa uyu, amphongo agwira pusi wofiira ndipo nyama yagawidwa motere. Kuti achite zimenezi ayenera kudziwa nkhope iliyonse, ndipo wozolowera amamzindikira chimpanzi pongoona msana wake kapena pomva liwu lake kutsidya kwa khwawa. Ayeneranso kudziwa mitengo, zipatso ndi masamba. Lamulo lina lovuta nlakuti alembe chimene waona, osati chimene akuganiza. Salemba kuti wakutiwakuti wakwiya. Amalemba kuti ubweya wake waima, wagwedeza nthambi, waponya mwala. Lovuta koposa nlakuti asalowerere. Angakhale aone kamwana kamene amakakonda kakuzunzidwa, ntchito yake nkuyang'ana wotchi ndi kulemba.

Wina angafunse chifukwa chake chodzimangirira pa nyama imodzi ndi pa wotchi chotere. Yankho lidafotokozedwa bwino mu 1974 ndi Mayi Jeanne Altmann, amene ankafufuza za anyani ku Amboseli m'dziko la Kenya, anyani a mtundu umodzi ndi amene amavutitsa alimi m'Malawi muno. Iwo adaonetsa kuti diso la munthu likasiyidwa lokha limathamangira kumene kuli phokoso. Amphongo omenyana amalembedwa, pamene mayi woyamwitsa mwakachetechete pansi pa mtengo amaiwalika, monga momwe pabwalo la milandu wolankhula mokweza ndiye amakumbukika. Zotsatira zake mabuku ankadzaza ndi ndewu, ngati kuti nyamazo sizichita china. Wotchi ndi pepala la mizere zimakakamiza munthu kuona ngakhale zimene sizisangalatsa.

Ntchito yotereyi siipindula m'chaka chimodzi. Chimpanzi amatha kukhala ndi moyo zaka 40 kapena 50, ndipo wamkazi amabereka kamodzi pa zaka pafupifupi zisanu. Fifi, mwana wa chimpanzi wotchuka dzina lake Flo, adali kakhanda ka zaka ziwiri pamene Jane Goodall adafika mu 1960. Adakula, adabereka ana 9, ndipo ana ake aamuna Freud ndi Frodo adadzalamulira fuko la Kasakela, wina pambuyo pa mnzake. Fifi adasowa mu 2004. Kuti mbiri yakeyo idziwike popanda mpata, padafunika munthu womtsata chaka ndi chaka kwa zaka 44. Wodzipereka wochokera kunja amafika ndi kalumo kakuthwa, monga anenera akuluakulu za mlendo: amabwera ndi mafunso atsopano ndi nzeru za m'mabuku. Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Pamene wayamba kuzidziwa nkhope bwinobwino, nthawi yake yobwerera imakhala itakwana.

Amene sakamuka ngati mame adalowa m'ntchitoyi kudzera m'maliro. Pa 12 Julayi 1969 mtsikana wodzipereka wa ku America, Ruth Davis, adachoka pa msasa yekha kukatsata chimpanzi cha kummwera, ndipo sadabwerere. Adamfunafuna masiku 6, ndipo mtembo wake udapezeka m'dziwe la m'tsinde mwa mathithi aatali. Adamuika m'manda ku Gombe komweko. Kuyambira pamenepo kudakhazikika kuti wofufuza aliyense azilowa m'nkhalango pamodzi ndi mthandizi wa komweko, kuti wina akavulala, mnzake athamange kukaitana anthu. Amuna amene adalembedwa ntchito adali a m'midzi yozungulira, ana a alimi ndi asodzi a dagaa, kansomba kofanana ndi usipa. Ambiri adali atangophunzira sukulu ya pulaimale. Poyamba udindo wawo udali kuperekeza, kunyamula katundu ndi kulondola mapazi. Koma adali odziwa phiri, odziwa maina a mitengo m'chinenero chawo cha Chiha, ndipo maso awo sankataya nyama m'ziyangoyango. Posakhalitsa adayamba kuphunzira kuchonga mapepala ndi kulemba zochitika m'Chiswahili. Mmodzi mwa oyambirira adali Bambo Hilali Matama, ndipo pambuyo pawo padabwera Bambo Eslom Mpongo, Bambo Hamisi Mkono, Bambo Yahaya Alamasi ndi ena.

Chinthu chachikulu choyamba chimene mmodzi wa iwo adaona chidasintha maganizo a ophunzira onse pa za chimpanzi. Cha m'ma 1971 ndi 1972 fuko la achimpanzi a ku Gombe lidagawikana pawiri. Ena adatsalira kumpoto, ku Kasakela, ndipo kagulu kochepa kadakhazikika kummwera, m'khwawa la Kahama. Mu Januwale 1974 Bambo Matama ankatsata gulu la ku Kasakela lokhala ndi amphongo akuluakulu 6. Adaona kuti akuyenda mwachilendo: mwakachetechete, mothithikana, akumaima ndi kumvetsera, kulowera m'dziko la anzawo a kummwera. Adapeza wamphongo wina wa ku Kahama, Godi, akudya yekha mumtengo. Godi adayesa kuthawa, koma Humphrey adamgwira mwendo, namgwetsa chafufumimba, namkhalira. Enawo adammenya ndi kumluma kwa mphindi pafupifupi 10, ndipo wina adamponyera mwala waukulu. Atachoka, Godi adadzuka pang'onopang'ono, magazi ali chuchuchu, ndipo sadaonekenso. Amene adamchita zimenezi adali anzake amene adakula naye. Kufikira tsiku limenelo, ofufuza ambiri ankaganiza kuti chimpanzi ndi nyama yofatsa, yodya zipatso, imene siingachite chiwembu chotere. Umboni woyamba wotsutsa maganizowo udachokera kwa munthu wa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Mu Febuluwale 1975 Goliath, nkhalamba imene kale idali mfumu ya fuko lonse, adamenyedwa chimodzimodzi, ndipo amene adaona ndi mthandizi wa ku Netherlands, Emilie Bergmann.

Miyezi itatu pambuyo pake chiwembu chidagwera anthu. Usiku wa pa 19 Meyi 1975 amuna pafupifupi 40 onyamula mfuti adaoloka nyanja pa bwato kuchokera ku Zaire, dziko limene tsopano likutchedwa Democratic Republic of Congo. Adali zigawenga za chipani cha Laurent Kabila, yemwe patapita zaka 22 adadzakhala mtsogoleri wa dzikolo. Adamenya Bambo Rashidi Kikwale, ndipo adagwira achinyamata anayi: ophunzira atatu a ku yunivesite ya Stanford ku America, ndi Emilie Bergmann uja. Adawamanga, nawaolotsa nyanja. Patapita sabata imodzi adamasula mmodzi, Barbara Smuts, kuti akapereke kalata yonena zofuna zawo. Enawo adamasulidwa pambuyo pake, dipo la ndalama zambiri litaperekedwa, ndipo wotsiriza adatuluka kumapeto kwa Julayi. Onse anayi adabwerera amoyo. Barbara Smuts adadzakhala katswiri wodziwika pa za anyani.

Ku Gombe zinthu sizidabwererenso mwakale. Alendo onse adasamutsidwa, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira akunja sadakhazikikenso kumeneko. Mayi Goodall nawo adakakhala ku Dar es Salaam, mtunda woposa makilomita 1,000, nkumangofika mwa apo ndi apo. Funso lidali lakuti: kodi ntchito ya zaka 15 ithere pomwepa? Mpata wa chaka chimodzi chokha ukadaononga zambiri. Ana obadwa m'chakacho sakadadziwika tsiku lawo lobadwa, akufa sakadadziwika chowapha, ndipo achimpanzi ena akadayambanso kuopa anthu. Nkhondo ya Kasakela ndi Kahama idali pakati. Otsala pa malowo adali athandizi a ku Tanzania okha, anthu amene masiku apitawo ankayenda pambuyo pa mwana wa sukulu wa ku California.

Iwo adaitenga ntchitoyo. Amuna awo a Mayi Goodall, Bambo Derek Bryceson, amene pa nthawiyo adali mkulu woyang'anira nkhalango zosungira nyama m'Tanzania ndipo ankalankhula Chiswahili bwino, adathandiza kukonza dongosolo latsopano. Malipoti ankapita ku Dar es Salaam pa wailesi yolankhulirana, ndipo mapepala ankatsatira pambuyo. Pa wailesi yomweyo, mu Ogasiti 1975, mpamene padamveka uthenga wovuta kuukhulupirira. Chimpanzi wamkazi, Passion, adalanda khanda la masabata atatu la mnzake Gilka, nalipha, nalidya pamodzi ndi mwana wake wamkazi Pom. Gilka adali wofooka dzanja kaamba ka poliyo amene adagwa pakati pa achimpanzi mu 1966, choncho sadathe kuliteteza. Nkhani yotere ikadachokera kwa mboni imodzi, kamodzi kokha, ikadakayikitsa. Koma athandiziwo adapitiriza kutsata Passion ndi Pom, ndipo mu 1976 adaona zomwezo zikuchitikira khanda lina la Gilka ndiponso la Melissa. Adalemba nthawi, malo, ndi amene adalipo. Adaonanso kutha kwa fuko la Kahama, mmodzimmodzi, kufikira wamphongo wotsiriza, Sniff, adaphedwa kumapeto kwa 1977.

Nkoyenera kuima pang'ono pa mfundo imeneyi. Zambiri mwa zaka zimene zidaonetsa mbali yoopsa ya moyo wa chimpanzi, zimene akatswiri akhala akutsutsanapo kufikira lero pofuna kumvetsa gwero la nkhondo pakati pa anthu, ndizo zaka zimene ku Gombe kudalibe munthu wa digiri wokhazikika. Mu 1979 padatuluka nkhani ya akatswiri yofotokoza za nkhondo ya mafuko awiriwo, ndipo pa mndandanda wa olemba, pambali pa dzina la Goodall, padali maina a Bandora, Matama ndi Mpongo. Pa masiku amenewo zotere zidali zosowa. Mwambo wa ofufuza ambiri udali kuthokoza athandizi awo m'mizere iwiri ya kumapeto kwa buku, pamodzi ndi wophika ndi woyendetsa bwato. Buku lalikulu la Mayi Goodall la mu 1986, limene lidasonkhanitsa zonse za zaka 25, lidatsamira kwambiri pa mapepala a Chiswahili a anthu amenewa.

Si ku Gombe kokha kumene maso a munthu wa komweko adatsegula khomo. Kummwera kwa Kigoma, m'mbali mwa nyanja yomweyo, kuli mapiri a Mahale, kumene ofufuza a ku Japan motsogozedwa ndi Toshisada Nishida adayamba ntchito mu 1965. Mu Novembala 1987 wofufuza wina, Michael Huffman, ankatsata chimpanzi wamkazi, Chausiku, amene ankaoneka wodwala: ankagona masana, osafuna kudya. Kenaka adathyola nthambi za chitsamba china, nasenda khungwa, natafuna mtima wake, nkumeza madzi okha ndi kulavula zotsalira. Huffman adaona chimpanzi akudya chomera chachilendo basi. Amene adali naye, Bambo Mohamedi Seifu Kalunde, a mtundu wa Atongwe ndiponso a m'banja la asing'anga, adamuuza kuti chitsambacho ndi mjonso, nchowawa zedi, ndipo kwawo ndi mankhwala a m'mimba ndi a njoka za m'mimba. M'mawa mwake Chausiku adayamba kupeza bwino. Awiriwo adalemba nkhaniyo pamodzi mu 1989, ndipo idathandiza kutsegula phunziro latsopano la m'mene nyama zimadzichizira zokha.

Nanga wachinyamata wofuna kudzipereka pa ntchito yotere masiku ano amakumana ndi zotani? Malo ofufuzira anyani ndi achimpanzi alipo ambiri mu Africa, ku Asia ndi ku America wa kummwera, ndipo ambiri amafuna munthu wolonjeza kukhala miyezi 6 kapena chaka chathunthu, pakuti miyezi yoyamba imathera m'kuphunzira nkhope. Amafuna wathanzi, wopirira kusungulumwa, wokhoza kuphunzira chinenero cha komweko, ndiponso wosanyansidwa, popeza gawo lina la ntchito nkutola ndowe za nyamazo ndi kutunga mkodzo wogwera pa masamba. Zonyansazi nzamtengo wapatali. Kuchokera m'ndowe akatswiri amadziwa bambo wa mwana aliyense popanda kugwira nyama. M'ndowe ndi m'mikodzo ya ku Gombe mudapezeka, mu 2002, kachirombo ka achimpanzi kofanana ndi kamene kamayambitsa Edzi, ndipo mu 2009 kudatsimikizika kuti kamafupikitsa moyo wawo. Umboni wakewo udatheka chifukwa padali mbiri ya chimpanzi aliyense, ya tsiku lobadwa ndi la kufa.

Malamulo a zaumoyo nawo adakhwima. Mu 2008 ofufuza a m'nkhalango ya Taï ku Côte d'Ivoire adatsimikiza kuti tizirombo ta chifuwa ndi chimfine tochokera kwa anthu tidapha achimpanzi kumeneko. Tsono pa malo ambiri wofika kumene amayamba wabindikira masiku angapo asanalowe m'nkhalango, amavala chophimba pakamwa ndi pamphuno, amatalikira nyama ndi mamita 7 kapena 10, ndipo akamva kukhosi kukanda amatsala pa msasa. Ku Gombe, kumene achimpanzi adachepa kuchokera pakati pa 120 ndi 150 m'zaka za m'ma 1960 kufika pa osakwana 100 m'zaka za m'ma 2010, chitsokomolo cha munthu mmodzi chingathe kuchotsa mbadwo wathunthu.

Pali chinthu chimodzi m'dongosolo la kudzipereka chimene sichikoma. Pa malo ambiri wodzipereka amapatsidwa pogona ndi chakudya, mwina ndi kandalama kochepa, koma ulendo amalipira yekha. Chaka chimenecho ndicho chimamtsegulira khomo la maphunziro apamwamba. Ndiye kuti amene angakwanitse kukhala chaka osalandira kanthu, mwana wa banja lopeza bwino wa kutsidya kwa nyanja, ndiye amadzakhala dokotala wa za achimpanzi, pamene mnyamata kapena mtsikana wa mu Africa amene wamaliza maphunziro a zamoyo, ali ndi azibale oyembekeza thandizo lake, sangathe kutero. Amene adamphunzitsa mlendoyo kusiyanitsa Freud ndi Frodo amakhalabe pa mpando womwewo. Akatswiri ambiri a phunziroli akhala akudandaula za msampha umenewu poyera, ndipo malo ena adayamba kulipira athandizi onse ndi kutumiza ana a komweko ku mayunivesite. Ku Gombe zipatso zake zidaoneka pamene akatswiri a ku Tanzania, monga Dr Shadrack Kamenya ndi Dr Deus Mjungu, adadzatsogolera kafukufuku pa malowo.

Mayi Goodall adamwalira pa 1 Okutobala 2025 ali ndi zaka 91. Mapepala a ku Gombe, amene ambiri adalembedwa pa bondo, ena ali ndi madontho a mvula ndi zizindikiro za chiswe, adasonkhanitsidwa mu 1995 ku yunivesite ya Minnesota, kenaka adasamukira ku Duke, ndipo pambuyo pake ku Arizona State, kumene akhala akulowetsedwa m'makompyuta. Ophunzira amene sadapondepo m'khwawa la Kakombe amapezamo mayankho a mafunso amene olembawo sadawaganizire nkomwe: ngati ana amasiye amakula mochedwa, ngati wamphongo wa abwenzi ambiri amabereka ana ambiri, ngati mwana wamkazi amaphunzira kuwedza agang'a msanga kuposa wamwamuna. Mbali yaikulu ya zolembazo ili m'Chiswahili, ndipo pa lipoti la tsiku lililonse pali tsiku la mwezi, dzina la chimpanzi amene adatsatidwa, ndi maina a anthu amene adamtsata.